Hotela ya ku Zanzibar: Yambani Mwasankha Gombe, Cipinda Cibwele Pothela

Zaka zino Zanzibar yakhala ngati Siavonga yatsopano kwa acinyamata a mu Lusaka na ku Copperbelt amene ayamba kugwilako kandalama. Wina akamanga ukwati, ulendo ni wa ku Zanzibar. Wina akakwanitsa zaka 30, ni komweko. Ma status a pa WhatsApp amadzala na mcenga woyela, madzi obiliwila na mbale ya zipatso yoyandama pa dziwe losambilamo. Ndiye cifukwa cake funso limene timamva kawili-kawili, kaya ni ku wailesi kumene tithandizila kapena pa maceza wamba, n'lakuti: "Kodi hotela yabwino maningi kuja ni iti?"

Tikambiletu kuti kufuna kugona pamalo apamwamba si chimo. Munthu amene wasewenza caka conse, kudzuka mumdima kuthamangila minibasi, ali na ufulu wokagona pa bedi lalikulu n'kudzuka tiyi ali pa khonde. Makolo athu ambili sanalaweko zimenezi, ndipo palibe cifukwa cakuti ife tizicita nazo manyazi. Nkhawa yathu ili pa kasankhidwe. Ambili amasankha hotela na pikica imodzi ya pa Instagram, n'kutulukila atafika kale kuti alipila madola ambili-mbili pa cinthu cimene sanafunse. Pa cisumbu, ndalama ya hotela imagula zinthu zitatu musanalowe n'komwe m'cipinda: mbali ya gombe imene mudzakhalako, nyengo imene mudzapeze, na anthu amene mudzakhala pakati pawo. Maganizo athu ni akuti zitatuzi ziziyamba, cipinda cizibwela pothela.

Ndalama zimene zimatha musanaone bedi

Tikamba za Zanzibar cifukwa ndiye cisumbu ca m'nyanja yamcele cimene cili pafupi na thumba la Mzambia. Mauritius na Seychelles ziliko, koma tikiti ya ndeke cabe imafoola ambili a ife. Zanzibar ni mbali ya dziko la Tanzania. Cisumbu cacikulu cimene alendo ambili amapitako dzina lake ni Unguja, ndipo cinzake ca kumpoto ni Pemba. Mzambia amene apita kukaceza safunika viza, pasipoti ikwanila.

Njila zilipo zitatu. Yoyamba ni ndeke yocokela pa Kenneth Kaunda International Airport kupita ku Dar es Salaam, kenako kandeke kakang'ono ka mphindi pafupi-fupi 20 kapena boti lothamanga la maola awili. Yaciwili ni basi yodzela pa Nakonde na Tunduma. Yacitatu ni sitima ya TAZARA yocokela ku New Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita 1,860, umene umatenga mausiku awili zonse zikayenda bwino. Tonse tidziwa kuti sitima imeneyi na wochi sizimvana kwenikweni. Conco ngati mubwela pa sitima kapena pa basi, musaike usiku wa hotela yodula pa tsiku loyamba. Mukacedwa pa malile a dziko kapena mukaphonya boti lomaliza, bedi la madola 300 lidzagona lokha ndipo ndalama sizibwelela.

Palinso tundalama tumene situonekela pa pikica. Kuyambila pa 1 October 2024, boma la Zanzibar linaika lamulo lakuti mlendo wocokela kunja azigula inshuwalansi ya ulendo ku kampani ya boma ya Zanzibar Insurance Corporation, ndipo mtengo umene unalengezedwa panthawiyo unali madola 44 pa munthu. Malamulo otele amasintha, conco onani mtengo wa lelo musananyamuke. Mahotela nawo amatolela msonkho wa boma pa munthu aliyense usiku uliwonse, umene umakwela malinga na nyenyezi za hotelayo, ndipo nthawi zambili umalipilidwa pa kaunta, osati pa intaneti. Ndiye pali takisi. Kucoka ku Stone Town kupita ku Nungwi ni makilomita pafupi-fupi 60, ulendo wa ola na hafu, ndipo kupita ku Paje ni pafupi-fupi ola limodzi. Hotela imene ioneka yochipako koma ili kutali na ciliconse ingabweze kuchipa kwake konse kudzela mu takisi.

Nyanja imene imathawa kawili pa tsiku

Apa ndiye pagona nkhani yaikulu kwa ife a dziko lopanda nyanja yamcele. Madzi amene tinakula nawo ni a Kariba ku Siavonga, a Bangweulu ku Samfya na a Tanganyika ku Mpulungu. Madzi amenewa pamene mwawasiya m'mawa ni pamene mudzawapeza madzulo. Indian Ocean siili conco. Kawili pa tsiku madzi amadzala ndipo kawili amaphwa. Pakati pa kudzala na kuphwa pamapita maola pafupi-fupi 6, ndipo nthawi yake imasunthila kutsogolo na mphindi pafupi-fupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amadzala kwambili n'kuphwanso kwambili.

Kum'mawa kwa cisumbu, ku Matemwe, Kiwengwa, Pongwe, Bwejuu, Paje na Jambiani, nyanja n'njosaya ndipo kutsogolo kwake kuli mpanda wa matanthwe a pansi pa madzi. Madzi akaphwa amathawa mamita mahandiledi angapo, malo ena mpaka kupitilila kilomita. Cimene cimatsala ni mcenga wonyowa, miyala, ndele za m'nyanja na tunyama twa minga tumene tumabaya phazi la munthu woyenda wopanda nsapato. Pikica imene munaona inajambulidwa madzi atadzala. Siinaname, koma inakuonetsani hafu ya tsiku.

Sitikamba kuti kum'mawa n'koipa. Mahotela ena okongola kwambili pa cisumbu conse ali komweko, kuli bata, dzuwa limatulukila m'nyanja pamaso panu, ndipo kuyenda pansi pa nyanja itaphwa n'cinthu cimene munthu wa ku Matero kapena ku Kabwata sadzaiwala. Koma ngati cimene mwasungila ndalama ni kunyaya m'nyanja nthawi iliyonse imene mwafuna, kum'mawa kudzakukhumudwitsani, ndipo mudzathela masiku anu m'dziwe la hotela, longa limene mukanapeza pa loji ya mu Lusaka.

Kumpoto, ku Nungwi na Kendwa, nyanja n'njakuya pafupi na gombe, conco madzi sathawila kutali ndipo munthu anganyaye tsiku lonse. Kendwa iyang'ana kumadzulo, ndiye kumene dzuwa limalowela m'madzi. Mtengo wa ubwino umenewu ni khamu la anthu. Ogulitsa maulendo a boti na zokumbukila amakutsatani pa mcenga, nyimbo zimalila mpaka usiku, ndipo Kendwa imadziwika na maphwando a usiku wa mwezi wathunthu. Kwa gulu la mabwenzi zimenezi ni zimene apitila. Kwa amene angomanga ukwati ndipo afuna kumvana kupuma, hotela ya nyenyezi zisanu yoyandikana na malo ovinila ni ndalama yotayika.

Mphepo nayo ili na nyengo zake. Kuyambila ca mu June mpaka September imaomba kucokela kum'mwela, ndipo kuyambila ca mu December mpaka February imacokela kumpoto. N'cifukwa cake Paje imadzala na anthu osewela pamadzi mokokedwa na makaiti. Ngati ni masewela amene mufuna, pitani. Ngati mufuna kugona pa mcenga na buku, dziwani kuti mcengawo udzakuulukilani m'maso.

Pafupi na Matemwe pali kacisumbu ka Mnemba, kamene kali na loji imodzi cabe ndipo mtengo wake umapitilila madola 1,000 pa munthu usiku umodzi. Amene sagona kumeneko saloledwa kuponda pa kacisumbuko, koma maboti ocokela ku Matemwe na Nungwi amapeleka anthu tsiku lililonse kukaona nsomba m'madzi ozungulila. Nsomba zake n'zimodzi-modzi. Cimene wolemela uja wagula ni kukhala yekha. Dzifunseni ngati n'cimene inu mufuna kugula.

Cizungu ca otsatsa mahotela

Mukasankha gombe, manje ni nthawi yoona mahotela, ndipo apa mawu a otsatsa afunika kuwawelenga monga mmene timawelengela pepala la nkhongole. "Beachfront" atanthauza kuti hotela ili pa gombe, koma cipinda canu cingakhale kumbuyo kweni-kweni, mtunda wa mphindi zingapo kucoka pa mcenga. "Sea view" ni cipinda coona nyanja. "Partial sea view" nthawi zambili ni kuona kadontho ka madzi mukasuzumila pa kona ya khonde. "Garden view" ni maluwa, pena cipupa. Pikica imene imakhala pamwamba pa tsamba la hotela ni ya cipinda codula kupambana zonse, conco onetsetsani dzina la cipinda cimene mulipilila. Pemphani kuti akutumizileni kavidiyo ka cipindaco pa WhatsApp. Hotela imene ifuna madola 300 pa usiku siingalephele kucita zimenezi, ndipo ikazengeleza mwadziwa kale mmene idzakusamalilani. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Onaninso ngati mtengo walembedwa pa cipinda kapena pa munthu. Malo ambili apamwamba amalemba mtengo wa munthu mmodzi pamene awili agawana cipinda, ndipo amene sanaone tumawu tuja amapeza bilu yawilikiza.

Nkhani ya cakudya ili na magawo ake. "Bed and breakfast" ni cakudya ca m'mawa cabe. "Half board" ni m'mawa na madzulo. "Full board" ni katatu pa tsiku. "All-inclusive" ni cakudya conse pamodzi na zakumwa, ngakhale kuti zakumwa zocokela kunja nthawi zambili amazipatula. Kwa munthu amene apita koyamba kwa masiku anayi kapena asanu, ife tikamba kuti "half board" ndiyo ili na nzelu. Tsiku lina mudzakhala ku Stone Town, lina ku Prison Island kukaona akamba akulu-akulu, lina ku nkhalango ya Jozani kumene kuli apusi ofiila opezeka ku Zanzibar cabe, lina m'minda ya zokometsela zakudya. Tsiku lililonse lotele ni cakudya ca masana cimene mwalipila kawili. Coipa kwambili n'cakuti munthu amene walipila zonse amayamba kuopa kutuluka pa geti kuti asaluze, ndipo cisumbu conse cimasanduka tebulo la bufe. Pamene "all-inclusive" ithandiza ni pa hotela imene ili payokha, kopanda malo odyela pafupi, cifukwa kumeneko botolo la madzi na mbale ya chipisi zimagulitsidwa pa mtengo umene hotela yafuna.

Funsaninso za malaiti na madzi. Zanzibar imalandila magetsi kucokela ku Tanzania kudzela mu nthambo ya pansi pa nyanja, ndipo nthambo itaonongeka mu December 2009 cisumbu cinakhala mumdima miyezi itatu. Ife amene tinapyola mu load shedding ya 2024 sitifunika kuuzidwa tanthauzo la usiku wotentha wopanda fani. Funsani ngati jeneleta imayendetsa makina oziziletsa m'zipinda kapena imayatsa mababu cabe, ngati madzi a m'bafa ni amcele, na ngati pa bedi pali neti ya udzudzu.

Nyenyezi musazikhulupilile kwambili, pakuti palibe muyeso umodzi umene dziko lonse lapansi limapimila. Cimene cithandiza ni ndemanga za amene anagonako. Yambani na zatsopano, ndiponso za amene anapeleka mamaki ocepa. Munthu mmodzi akadandaula za fungo la m'bafa, mwina ni wovuta cabe. Anthu asanu akadandaula cinthu cimodzi m'miyezi itatu, ndiye mmene malowo alili. Sakilaninso ndemanga za alendo a mu Africa anzathu, cifukwa kalandilidwe ka mlendo wakuda pa malo amene anazolowela azungu ni nkhani imene pikica siikamba. Pothela tsegulani Google Maps muone hotelayo kucokela kumwamba: pali cimango catsopano pafupi, msewu uli bwanji, mcenga ulipo kapena ni matanthwe.

Mwezi umene mwasankha

Hotela imodzi-modziyo imakhala na mitengo yosiyana kwambili malinga na mwezi. Mvula yaikulu imagwa kuyambila March mpaka May, nyengo imene m'Ciswahili amati masika, ngakhale kuti kwathu liwu limeneli ni la nthawi yokolola. Apa mitengo imatsika, ndipo mahotela ena amatseka kuti akonze zoonongeka. Ngati mwaona hotela ya nyenyezi zisanu pa mtengo wodabwitsa mu April, cifukwa cake n'cimeneci. Mvula yaing'ono imabwela ca mu November na December, koma nthawi zambili imagwa n'kukata.

Mitengo imafika pamwamba pa Khisimasi na Nyuwele, ndiponso mu July na August pamene a ku Ulaya ali pa chuti. Pa Khisimasi na Nyuwele mahotela ambili apamwamba amaonjezela ndalama ya phwando la usiku imene mlendo aliyense ayenela kulipila, kaya adyako kapena ayi. Tsoka lake n'lakuti December ndiye mwezi umene ambili a ife timapuma pa nchito. Ngati abwana angakuloleni, June, September na October ni miyezi youma, yosatentha kwambili, ndipo cipinda cimene mu December simungacikwanitse cingafike pamene dzanja lanu lifika.

Okonda nyimbo akumbukile kuti mu February mumakhala cikondwelelo ca Sauti za Busara ku Stone Town, ndipo zipinda za m'tauni zimatha msanga. Onaninso kalenda ya Ramadan. Anthu ambili a ku Zanzibar ni Asilamu, conco m'mwezi umenewu malo odyela ambili m'tauni amatseka masana ndipo kudya poyela mumsewu n'kupanda ulemu. M'mahotela a ku gombe zinthu zimayenda monga mwa masiku onse.

Kaloba na chuti siziyendela pamodzi

Mitengo ya mahotela amenewa pa intaneti imalembedwa m'madola, koma malipilo athu ni a kwacha. Aliyense amene anakhalapo na bajeti ya madola adziwa kuti kwacha ingasinthe pakati pa tsiku losungitsa malo na tsiku lolipila. Siyani mpata wa zimenezi, ndipo funsani banki yanu zimene imadula mukalipila na khadi kunja kwa dziko.

Apa tikamba mosabisa: kutenga kaloba kapena nkhongole ya pa foni kuti mukagone mausiku asanu pa hotela yapamwamba ni kugula sabata imodzi na miyezi isanu na umodzi ya kusowa tulo. Amene anaika mitima pa pikica yanu sadzakhalapo pamene mwini nyumba agogoda pa 1. Cilimba ciliko, ndipo magulu osungitsa ndalama ali m'makomboni onse. Kudikila caka cimodzi sikucotsa cisumbu pamalo pake.

Njila imene ife tiona kuti ipatsa munthu zonse ziwili ni kugawa mausiku. Tiyelekeze kuti cipinda cimene mtima wanu wafuna ni ca madola 300. Mausiku asanu ni madola 1,500. Koma mukagona mausiku atatu oyamba pa nyumba ya alendo yaukhondo ya madola 80, pamene muli kuzungulila tauni na kuyenda maulendo, n'kusunga mausiku awili othela a hotela ija, zonse pamodzi ni madola 840. Mwapulumutsa madola 660, ndipo cofunika kwambili n'cakuti masiku amene mwalipila zambili ni amene mudzakhaladi pa hotelapo kucokela m'mawa mpaka usiku. Kulipila cipinda ca madola 300 n'kucokamo 7 koloko m'mawa kukabwela mumdima ni kulipilila sutukesi malo ogona. Ikaninso hotela yabwino kumapeto, cifukwa kutsika kucoka pa bedi lalikulu kupita pa laling'ono kumawawa.

Polipila, dzelani ku hotela yeni-yeni, pa mawebusaiti odziwika osungitsila malo, kapena kwa ejenti amene ali na ofesi imene mungaponde. Pa Facebook na TikTok pali masamba otsatsa maulendo a ku Zanzibar pa mitengo yokoma, n'kupempha kuti mutumize dipoziti pa nambala ya Airtel Money kapena MoMo ya munthu. Ena ni oona mtima, ena ayi. Njila yowasiyanitsa ni yosavuta: pemphani nambala yotsimikizila kuti malo asungidwa, ndiyeno tumilani hotelayo pa nambala imene mwapeza pa webusaiti yake, mufunse ngati dzina lanu lilipo. Welengani malamulo a kubweza ndalama mukasintha maganizo. Ndipo musacite manyazi kufunsa ngati ali na mtengo wa anthu a m'cigawo. Mahotela ena amatsitsila okhala ku East Africa, ndipo kufunsa ngati Mzambia angalowemo sikulipilitsa.

Kuseli kwa mpanda wa hotela

Cinthu cacitatu cimene ndalama yanu imagula ni ubale na anthu a pamalopo. Mu 2012 bungwe la ku Britain lochedwa Tourism Concern linafalitsa lipoti la kagwilitsidwe nchito ka madzi m'midzi ya ku magombe a Zanzibar. Linapeza kuti mahotela apamwamba anali kutha malita oposa 3,000 pa cipinda cimodzi pa tsiku, pamene banja lonse la m'mudzi linali kugwilitsa nchito malita osakwana 100. Dziwe losambilamo, kapinga wobiliwila na mathaulo ocapidwa tsiku lililonse zimamwa pa citsime cimodzi-modzi na mudzi. Pa cisumbu, zitsime zikapopedwa mopitilila, madzi amcele amalowa.

Ife a ku Zambia nkhani iyi si yacilendo. Tidziwa mmene zimamvekela ku Livingstone kapena ku Mfuwe kuona loji ya madola ili pa malo abwino kwambili a mtsinje, mwana wa pamalopo n'kumaionela pa geti. Tikawoloka nyanja, ife ndife amene tili mkati mwa geti. Conco mafunso amene timafuna kuti alendo azifunsa kwathu, tiyeni tiwafunse kwa eni ake. Kodi anchito ambili ni a m'midzi yozungulila? Nsomba na ndiwo amagula kwa asodzi na alimi a pafupi? Madzi amawatenga kuti, ndipo ogwilitsidwa kale nchito amapita kuti? Kodi mpanda wa hotela unatseka njila imene anthu anali kudzela popita ku nyanja? Hotela imene icita bwino pa zimenezi imayankha mokondwa, pakuti ni cinthu cimene imanyadila.

Mukafika, ulemu ni uja tinaphunzila kunyumba. Zovala zosambila n'za ku gombe na ku dziwe. M'mudzi na m'tauni bisani mapewa na mawondo, citenge cimodzi m'cikwama cikwanila. Azimayi amene mudzaona ku Paje na Jambiani atawelama m'madzi osaya ali pa nchito, alima ndele za m'nyanja zimene amagulitsa, conco pemphani musanawajambule. Kandalama koyamikila kapatseni m'manja mwa amene wakutumikilani, m'mashilingi a ku Tanzania.

Wina angakambe kuti, "Ni ndalama zanga, napita kukapumula, osati kukafufuza za zitsime." Tikumva. Palibe amene akuti chuti cisanduke msonkhano. Mafunso amenewa amatenga uthenga umodzi wa pa WhatsApp musanalipile, ndipo amakutetezani inu amene. Hotela imene ikhala bwino na mudzi imakhala na anchito okhalitsa, odziwa nchito yawo, ndipo mumayenda pa gombe momasuka. Imene ili pa mkangano na anansi ake imakuuzani kuti musatuluke pa geti.

Usiku umodzi ku Stone Town

Pa cifukwa cimeneci tilimbikitsa kuti pa mausiku anu, umodzi kapena awili akhale a ku Stone Town, tauni yakale imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a colowa ca dziko lonse mu 2000. Kumeneko ulemelelo ni wa mtundu wina. Nyumba zakale za amalonda zinasandutsidwa mahotela, monga Emerson on Hurumzi na Emerson Spice, za zitseko zosema na malo odyela pa denga, ndipo m'mbali mwa nyanja muli Park Hyatt na Serena. Dziwilanitu kuti tumisewu twambili galimoto siilowa, nyumba zakale zili na masitepe ambili, ndipo m'mamawa mudzamva kuitana kwa ku mzikiti. Madzulo anthu amasonkhana ku Forodhani Gardens kudya nsomba zooca, supu ya urojo na kumwa madzi a nzimbe, pa mtengo wocepa kwambili poyelekeza na tebulo la hotela.

Tauni imeneyi ili na mbili imene itikhudza. Chalichi ca Anglican ca Christ Church cinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambili mwa anthu amene anagulitsidwa pamenepo anatengedwa kumtunda kuno, m'madela ozungulila Nyanja ya Malawi na Tanganyika. M'chalichimo muli mtanda wopangidwa na mtengo wa ku Chitambo, kuno ku Zambia, umene pansi pake anakwililapo mtima wa David Livingstone caka comweco ca 1873, Susi na Chuma asananyamule thupi lake ulendo wa miyezi yambili kukafika ku gombe la Bagamoyo. Mzambia amene wafika pa cisumbu ici n'kubwelela osaona kamtengo ka kwawo, cifukwa cakuti bufe ya masana inali yolipilidwa kale, waphonya cinthu cimene hotela iliyonse siingamupatse.

Conco mnzanu akakufunsani kuti hotela yabwino ku Zanzibar ni iti, mubwezeleni mafunso. Afuna kunyaya tsiku lonse kapena afuna bata? Apita mwezi uti? Ni masiku angati amene adzakhaladi pa hotelapo? Ndalama zake n'zosunga kapena n'zobweleka? Akayankha zimenezi, mahotela mahandiledi aja amatsala atatu kapena anayi. Atatuwo awalembele uthenga, afunse za cipinda, za jeneleta, za msonkho na za mudzi, ndipo asankhe imene yayankha momveka. Asanalipile, atsegule pa intaneti ndandanda ya nthawi za kudzala na kuphwa kwa madzi pa masiku amene adzakhalako, kuti adziwe ngati masana ake adzakhala na nyanja kapena na mcenga.